Mmene ndinasankhira pakati pa galimoto ya hybrid ndi yoyendera magetsi

Munthu akafuna galimoto yosamwa mafuta kwambiri, kawirikawiri amayamba ndi kufunsa kuti mtundu wabwino ndi uti, ndipo amayembekezera kuti amene anayendetsapo amutchulira dzina limodzi, iye n'kukagula. Ine ndakhala ndikuyendetsa galimoto ya hybrid, imene ili ndi injini ya petulo pamodzi ndi mota yamagetsi, kwa zaka zingapo, ndipo ndisanaigule ndinakhala nthawi yaitali ndikuiyerekezera ndi yoyendera magetsi okhaokha, imene kunena zoona ndi imene mtima wanga unkafuna. Chimene ndinapeza n'chakuti dzina la galimoto limabwera pomaliza. Zimene zimagamula nkhaniyi ndi maulendo amene mumayenda mlungu ndi mlungu, malo amene galimotoyo izigona usiku, ndiponso, ngati mukugula yoyendapo kale monga ndinachitira ine, mphamvu imene yatsala m'batire lake lalikulu.

Maulendo anga ambiri ndi a m'tauni: kupita kuntchito m'mawa pa nthawi imene magalimoto amathithikana pamsewu, kuima, kusendera pang'ono, kuimanso, kenako kubwerera madzulo m'njira yomweyo. Ulendo wautali umabwera mwa apo ndi apo. Kumene ndimakhala, galimoto imagona pabwalo limene timaimikapo anthu ambiri, kutali ndi mita yanga ya magetsi, ndipo palibe soketi imene ndinganene kuti ndi yanga. Ndafotokoza zimenezi koyambirira chifukwa zonse zimene ndinasankha zinachokera pamenepa, ndipo munthu amene kayendedwe kake n'kosiyana ndi kanga angawerenge mfundo zomwezi n'kufika pa yankho lina, limene kwa iye lingakhale lolondola.

Choyamba ndinafuna kumvetsa kumene kupulumutsa mafutako kumachokera, popeza hybrid wamba satchajidwa pa soketi ndipo mphamvu yonse imachokerabe ku petulo. Galimoto ya petulo imataya mafuta kwambiri injini ikamalira itaima, ikamanyamuka kuchoka pamene inaima, ndiponso liwiro limene injini inavutikira likamathera m'mabuleki ngati kutentha chabe. Hybrid inapangidwa kuti itseke mipata imeneyi. Mukaima, injini imazima yokha. Mukanyamuka, imakankha galimoto ndi mota yamagetsi, chifukwa mota imapereka mphamvu yake yokoka ikangoyamba kuzungulira, pamene injini imafunika iyambe yathamanga. Mukasiya kuponda moto kapena mukaponda buleki mofatsa, mota ija imasanduka jenereta n'kubwezera m'batire gawo la mphamvu imene ikanatayika. Injini yakenso kawirikawiri imakhala ya kapangidwe kotchedwa Atkinson, kamene kamatulutsa ntchito yambiri pa petulo wochepa koma kamakhala kofooka ponyamuka, ndipo kufookako n'kumene mota imakwirira. Toyota Prius, imene inayamba kugulitsidwa ku Japan mu 1997, ndiyo inali hybrid yoyamba kupangidwa yambirimbiri, ndipo pofika pa Prius ya mu 2015 kampaniyo inanena kuti injini yake imasandutsa 40 peresenti ya mphamvu ya petulo kukhala ntchito, chimene n'chachikulu pa injini ya petulo.

Nditamvetsa zimenezi ndinaonanso malire ake. Pamsewu waukulu wopanda zoimitsa, pamene mukuyenda liwiro limodzi kwa maola, palibe kuima koti injini izime ndipo palibe mabuleki oti abweze mphamvu. Pamenepo hybrid imapulumutsabe, koma kusiyana kwake ndi galimoto yaing'ono ya petulo kapena ya dizilo yosamalidwa bwino kumachepa kwambiri. Munthu amene pafupifupi maulendo ake onse ndi aatali ayenera kudziwa zimenezi asanalipire ndalama zoonjezera. Anthu ambiri amadabwanso akamva kuchepa kwa batire la hybrid wamba. La Prius imene inatuluka mu 2009 limasunga pafupifupi mayunitsi 1.3 okha, kuwerengera yuniti yomwe ija timalipira ya magetsi a m'nyumba, imene amailemba kuti kWh. Batire lotere silinapangidwe kuti liyendetse galimoto mtunda wautali. Ntchito yake ndi kulandira mphamvu ndi kuibweza, kambirimbiri pa ulendo umodzi.

Chinthu chimene chinandichedwetsa kwambiri pofufuza n'chakuti mawu oti hybrid amalembedwa kumbuyo kwa magalimoto osiyana kwambiri mkati. Ena ndi otchedwa mild hybrid, monga ambiri ang'onoang'ono a Suzuki, amene ali ndi kamota kothandiza injini kulira msanga ndi kukankha pang'ono, koma sangayende ndi magetsi okha monga mmene imachitira hybrid yeniyeni. Amenewa amapulumutsa pang'ono ndithu, koma musawagule mukuyembekezera zimene munamva za Prius. Kapangidwe ka Toyota kali ndi mota ziwiri zolumikizidwa ku injini ndi magiya ochepa ozungulirana, popanda kalachi, popanda lamba wa giyabokosi, ndiponso popanda sitata kapena alitaneta yapadera, choncho zipangizo zimene zimavuta m'magalimoto ena mulibe. Honda yadutsa m'njira zingapo: yakale yotchedwa IMA, ya mota imodzi; kenako ina ya mu Fit Hybrid ya mu 2013, imene ili ndi giyabokosi ya makalachi awiri ndi magiya 7, ndipo inaitanidwa kangapo ku Japan mu 2013 ndi 2014 kuti ikakonzedwe, ndi yatsopano ya mota ziwiri yotchedwa e:HEV. Nissan inatulutsa Note e-POWER mu 2016, imene matayala ake amayendetsedwa ndi mota yokha, injini ntchito yake n'kupanga magetsi basi. Galimoto imeneyi imamveka ngati yamagetsi poyendetsa, koma imathiridwa petulo ndipo satchaja pa soketi. Ogulitsa ena sadziwa kusiyana kumeneku, ndipo ena amadziwa koma sakunena, choncho muyenera kufufuza nokha kapangidwe ka galimoto ya chaka chenicheni chimene mukufuna, osati dzina lokha.

Za manambala olembedwa m'mapepala otsatsa malonda, langizo langa n'lakuti muzifunsa nthawi zonse kuti anayezedwa ndi muyezo uti. Toyota Aqua itatuluka ku Japan kumapeto kwa 2011, inalembedwa kuti imayenda makilomita 35.4 pa lita, malinga ndi muyezo wa kumeneko wotchedwa JC08. Galimoto yomweyo inagulitsidwa ku America ndi dzina loti Prius c, ndipo bungwe la boma la kumeneko loona za chilengedwe lotchedwa EPA linaipatsa mamailosi 50 pa galoni, amene ndi pafupifupi makilomita 21 pa lita. Palibe amene ananama. Muyezo wa JC08 unali wa liwiro lochepa ndi kunyamuka kofatsa kwambiri, kosafanana ndi mmene anthu amayendetsera. Muyezo wa WLTP, umene unayamba ku Ulaya mu 2017 ndipo Japan inautsatira posakhalitsa, uli pafupi ndi zenizeni, komabe nawonso umaposa zimene mudzaone. Ine ndinapeza kuti manambala a EPA ndi amene amayandikira kwambiri zimene galimoto yanga imachita. Nambala imene galimoto imaonetsa pa dashibodi nayonso imakonda kukometsa pang'ono. Njira imene ndimaikhulupirira ndi yodzaza thanki, kulemba makilomita, kuyenda monga mwa masiku onse, kudzazanso, n'kugawa makilomita ndi malita amene alowa.

Pali masamu ena aang'ono amene anandithandiza kuti ndisatengeke ndi nambala yaikulu. Tiyerekeze galimoto imene imayenda makilomita 10 pa lita: pa makilomita 100 imamwa malita 10. Mukasintha n'kutenga yoyenda makilomita 15 pa lita, imamwa malita 6.7, ndipo mwapulumutsa malita oposa 3. Koma kuchoka pa makilomita 20 pa lita kufika pa 30, kumene kumamveka ngati kusintha kwakukulu, kumangopulumutsa malita 1.7 pa mtunda womwewo. Tanthauzo lake n'lakuti phindu lalikulu limapezeka posiya galimoto yomwa kwambiri, ndipo mukafika kale pa zosamwa, kusiyana kwa hybrid ina ndi inzake sikuyenera kukuchititsani kunyalanyaza zinthu monga kukula kwa malo okhala, kutalika kwa galimoto kuchoka pansi, kapena kupezeka kwa zipangizo. Kuti mudziwe ngati ndalama zoonjezera zidzabwerera, tengani makilomita amene mumayenda pachaka, muwerengere malita amene mungapulumutse, muchulukitse ndi mtengo wa lita, ndipo muone kuti papita zaka zingati kuti zifike pa kusiyana kwa mitengo ya magalimoto awiriwo. Kwa munthu woyenda pang'ono pachaka, zakazo zimatha kuposa nthawi imene akufuna kukhala ndi galimotoyo.

Tsopano ndifike pa yamagetsi, imene ndinaiyendetsa moyesera ndipo mpaka lero ndimaikumbukira bwino. Inali yachete, yonyamuka mosazengereza, ndipo m'chithithi cha magalimoto inali yopumitsa kuposa iliyonse imene ndinayendetsapo. Manambala ake ndi okopanso. Lita imodzi ya petulo ili ndi mphamvu yofanana ndi pafupifupi mayunitsi 9 a magetsi, ndipo galimoto yamagetsi yapakatikati imagwiritsa ntchito mayunitsi 15 mpaka 20 pa makilomita 100, kutanthauza mphamvu ya malita 2 okha a petulo, pamene hybrid yabwino imafuna malita 4 kapena 5 pa mtunda womwewo. Ilibe oyilo wa injini woti musinthe, ilibe mapulagi, ilibe paipi ya utsi, ndipo lita iliyonse ya petulo imene simunawotche ndi makilogalamu pafupifupi 2.3 a mpweya wa carbon dioxide umene simunautulutse pamsewu, ngakhale kuti phindu lenileni ku chilengedwe limadalira mmene magetsiwo amapangidwira kumene mukukhala. Poyerekezera ndalama, muonjezere pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 pa mayunitsi aja, chifukwa magetsi ena amatayika potchaja, ndipo muwerengere ndi mtengo wa magetsi a pakhomo padera ndi wa malo otchajira mwachangu padera, popeza awiriwa amasiyana kwambiri.

Apa m'pamene funso la kumene galimoto imagona linakhala lalikulu kuposa ena onse. Soketi wamba ya mavoti 230 ikamapereka maampu 10 imatulutsa makilowati 2.3, ndiye kuti pa maola 10 a usiku mumapeza mayunitsi pafupifupi 23, okwanira makilomita oposa 100. Kwa munthu wa maulendo a m'tauni zimenezi n'zokwanira, ndipo m'mawa uliwonse amadzuka galimoto ili yodzaza popanda kupita kwina kulikonse. Chotchajira cha pakhoma cha makilowati 7 chimachita zomwezo katatu mofulumira. Ubwino waukulu wa galimoto yamagetsi wagona pamenepa, pa kutchaja pang'onopang'ono, motchipa, mwini wake ali mtulo. Ine ndinalibe mwayi umenewu. Kukoka nthambo yaitali kudutsa pabwalo la anthu onse sikunali kotheka, ndiponso n'koopsa, chifukwa kutchaja galimoto kumakoka magetsi ambiri mosalekeza kwa maola, ndipo nthambo zoonjezera ndi masoketi ofooka zimatentha mpaka kusungunuka. Ndikanadalira malo otchajira mwachangu okhaokha, ndikanalipira zambiri, ndikanamadikira pamzere, ndipo batire likanamakalamba msanga chifukwa cha kutentha kumene kutchaja kotere kumabweretsa kukamachitika kawirikawiri. Kumene magetsi amazimazima, funso limeneli limafunika kulilingalira mofatsa kwambiri, pokhapokha ngati muli ndi masola okwanira pakhomo ndipo galimoto imakhala pomwepo masana.

Amene akugula yamagetsi yochokera kudziko lina ayang'anenso pulagi yake. Magalimoto a ku Japan amatchajidwa mwachangu ndi pulagi ya CHAdeMO, a ku Ulaya ndi CCS2, a ku China ndi GB/T, ndipo ku North America makampani ambiri akusamukira ku pulagi ya Tesla yotchedwa NACS. Mapulagi amenewa salowana. Zolumikizira zilipo zina, koma n'zodula ndipo si zonse zimene zimagwira ntchito bwino. Musanalipire, pitani mukaone ndi maso anu mapulagi amene ali pa malo otchajira a m'misewu imene mumayenda. Nthambo imene imabwera ndi galimoto ya ku Japan inapangidwiranso magetsi a kumeneko, a mavoti 100 kapena 200, choncho ionedwe ndi wodziwa isanalowetsedwe m'soketi ya kwina.

Batire la galimoto yamagetsi yoyendapo kale ndilo theka la mtengo wake m'maganizo mwanga, ndipo kutentha ndiye mdani wake wamkulu. Nissan Leaf, imene inatuluka mu December 2010 ndi batire la mayunitsi 24, ilibe madzi oziziritsa batire, ndipo eni ake a kumadera otentha kwambiri, monga ku Arizona, anaona msanga kuti mphamvu ya batire ikutsika mofulumira kuposa ya anzawo a kumadera ozizira. Galimotoyi imaonetsa thanzi la batire ndi timizere 12, ndipo kamzere koyamba kamazima mphamvu ikatsika kufika pafupifupi 85 peresenti, kutanthauza kuti ngakhale yokhala ndi timizere tonse ikhoza kukhala itataya kale gawo looneka. Pulogalamu ya pa foni yotchedwa LeafSpy imaonetsa nambala yeniyeni. Musadalire makilomita amene dashibodi ikunena kuti atsala, chifukwa amawerengedwa kuchokera pa mmene galimoto yayendetsedwera posachedwa, ndipo wogulitsa amene waiyendetsa mofatsa angaonetse nambala yokongola. Funsaninso mtundu wa batire. La mtundu wotchedwa LFP, limene kampani ya ku China ya BYD imagwiritsa ntchito kwambiri, limapirira kudzazidwa mpaka 100 peresenti, pamene la mitundu yokhala ndi nickel ndi cobalt opanga ambiri amalangiza kuti tsiku ndi tsiku lizilekezera cha pa 80 peresenti.

Panali nthawi imene ndinaganiza kuti plug-in hybrid, imene imatchajidwa pa soketi komanso ili ndi injini, ndiyo ingathetse mkangano wa mumtima mwangawu. Mitsubishi Outlander PHEV, imene inatuluka mu 2013 ndi batire la mayunitsi 12, ndi chitsanzo chodziwika. Galimoto yotere imayenda makilomita makumi angapo ndi magetsi okha, kenako injini imalowerera. Koma vuto langa linali lomwe lija la soketi. Plug-in hybrid imene siitchajidwa imangokhala hybrid yolemera, yonyamula batire lalikulu lopanda ntchito. Bungwe loyendetsa ntchito za mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya, la European Commission, linatulutsa lipoti mu 2024, lochokera pa zipangizo zoyeza mafuta zimene zili m'magalimoto enieni a pamsewu, ndipo linaonetsa kuti magalimoto a plug-in hybrid amatulutsa carbon dioxide wochuluka pafupifupi maulendo 3.5 kuposa zimene muyezo wa WLTP umanena, makamaka chifukwa eni ake sawatchaja kawirikawiri monga mmene muyezowo unkaganizira. Kwa munthu amene ali ndi soketi ndipo adzatchajadi usiku uliwonse, galimoto imeneyi ndi yabwino kwambiri. Kwa ine sikanakhala choncho.

Choncho ndinakhazikika pa hybrid wamba, yaing'ono, ya mota ziwiri, ndipo ntchito yotsala inali kupeza imene batire lake lili bwino. Pamenepa ndikupemphani kuti musathamange, ndipo musapite nokha. Ine ndinapita ndi makaniko amene amadziwa magalimoto amenewa, atatenga kachipangizo kolowetsa pa soketi ya OBD2 imene ili pansi pa chiwongolero. Kachipangizoka kamatumiza ku foni mavoti a chigawo chilichonse cha batire, ndipo mapulogalamu monga Dr. Prius ndi Hybrid Assistant amawaonetsa momveka bwino pa magalimoto a Toyota. Batire la hybrid ndi zigawo zambiri zolumikizidwa motsatana, mwachitsanzo 28 mu Prius ya mu 2009, ndipo lili ngati unyolo umene umaduka pa mphete yofooka: chigawo chimodzi chikatsalira, batire lonse limafooka. Galimoto itaima, zigawo zonse zimaoneka zofanana. Chilema chimaonekera mukakwera chitunda mutaponda moto, pamene chigawo chofooka chimatsika mavoti kuposa zinzake, ndiponso potsetsereka, pamene chimakwera msanga kuposa zinzake. Ndi chifukwa chake kuyesa kuyenera kuchitika galimoto ikuyenda, kwa nthawi yokwanira kuti zonse zitenthe.

Ngakhale popanda chipangizo pali zizindikiro zimene mungaone. Chithunzi cha batire pa dashibodi chikamadzaza msanga n'kutsikanso msanga, ndiye kuti batirelo latsala ndi malo ochepa osungira mphamvu. Injini ikamakana kuzima mutaima ngakhale yatentha kale, kapena fani ya kumbuyo ikamalira mokweza nthawi zonse, funsani chifukwa chake. Nambala ya vuto yakuti P0A80 imatanthauza kuti batire lisinthidwe, koma dziwani kuti nambala zotere zimafufutika, ndipo nyali ya chenjezo imatha kukhala yozima kwa masiku angapo isanayakenso. Makaniko wodziwa amatha kuona ngati kompyuta ya galimoto yafufutidwa posachedwa. Galimoto ina imene ndinaikonda maonekedwe ndinaisiya pa chifukwa chimenechi, ndipo wogulitsa atafunsidwa anavomera kuti batire linatsegulidwa n'kusinthidwa zigawo zingapo ndi zina zakale. Kukonza kotere kumayendetsa galimoto kwa kanthawi, koma zigawo zotsalazo ndi za msinkhu umodzi ndi zimene zinafa, ndipo nazonso zimatsatira. Sindikunena kuti galimoto yotere isagulidwe, koma mtengo wake uyenera kutsika mokwanira kuti mudzathe kugula batire lina.

Makilomita ochepa pa galimoto yakale asakusangalatseni kwambiri. Batire limakalamba ndi zaka ndi kutentha, osati ndi mtunda wokha, ndipo hybrid imene yakhala miyezi yambiri osayenda imatha kukhala ndi batire loipa kuposa imene imayenda tsiku lililonse. Opanga ambiri amalonjeza kukonza kapena kusintha batire lalikulu mkati mwa zaka 8 kapena makilomita 160,000, koma lonjezo limeneli kawirikawiri silitsatira galimoto ikatumizidwa kudziko lina ngati yoyendapo kale, choncho funsani ndipo yankho lilembedwe papepala. Musaiwalenso kuti hybrid ili ndi injini ngati galimoto ina iliyonse. Iliseni m'mawa isanatenthe, mumvetsere ngati ikugogoda kapena kunjenjemera, muone oyilo, ndipo muone madzi m'mabotolo onse awiri, chifukwa ambiri mwa magalimoto amenewa ali ndi njira yapadera ya madzi oziziritsa inveta, chipangizo chimene chimasintha magetsi a batire kuti ayendetse mota.

Ndisanapereke ndalama ndinafufuzanso ngati kuli amakaniko oposa mmodzi amene angaigwire ndiponso ngati zipangizo zake zimapezeka mosavuta. Zimenezi zinandichititsa kusiya mtundu wina umene unali ndi nambala yabwino ya mafuta koma unali wosowa pamsewu, n'kutenga wofala. Galimoto imene yaima mwezi wathunthu kudikira chipangizo sikupulumutsani kanthu. Nthambo zonse za mtundu wa olenji m'galimoto yotere zimanyamula mavoti oposa 100, nthawi zambiri oposa 200, okwanira kupha munthu, ndipo makaniko amene sanaphunzire kuzimitsa batire lalikulu asanayambe ntchito asaloledwe kuzigwira, ngakhale atakhala katswiri pa injini.

Pa zaka zimene ndakhala nayo, mafuta amene ndimathira anatsika moonekeratu poyerekeza ndi galimoto yanga yakale, makamaka m'tauni, ndipo mabuleki akukhalitsa chifukwa mota ndiyo imachita ntchito yambiri yochepetsa liwiro. Chisamaliro chimene ndimachiona kukhala chofunika kwambiri n'chaching'ono ndipo ambiri sachidziwa. Batire limaziziritsidwa ndi mpweya wa mkati mwa galimoto, umene fani imakoka kudzera pa kabowo kamene kali pambali kapena pansi pa mpando wakumbuyo. Kabowoka kakatsekedwa ndi chikwama, chovala kapena chophimba mpando, kapenanso kasefa kake kakadzaza fumbi ndi ubweya, batire limatentha mwakachetechete n'kumatha. Ine ndimakapukuta kawirikawiri, ndipo ndimauza aliyense wokhala kumbuyo kuti asakatseke. Tsiku lotentha kwambiri ndimayatsa choziziritsa mpweya ngakhale chimamwa mafuta pang'ono, chifukwa mpweya umene ukundiziziritsa ine ndi womwewo umene ukuziziritsa batire.

Palinso batire laling'ono la mavoti 12, limene ntchito yake ndi kudzutsa makompyuta kuti alumikize batire lalikulu. Likafooka, galimoto siyaka ngakhale batire lalikulu litakhala lodzaza, ndipo nthawi zina dashibodi imaonetsa machenjezo ochititsa mantha amene munthu angaganize kuti zonse zawonongeka. Popeza silizunguza sitata, silipereka chizindikiro chakulira mofooka chimene tinazolowera, choncho liyezedwe pa nthawi ya sevisi. Zimenezi n'chimodzimodzi pa magalimoto amagetsi okhaokha. Oyilo wa injini akhale wopyapyala amene buku la galimoto lanena, kawirikawiri 0W-20, chifukwa injini imene imazima ndi kulira kambirimbiri pa ulendo umodzi imafuna oyilo wofika msanga paliponse. Galimoto ikawonongeka pamsewu, inyamulidwe pa lole, isakokedwe matayala oyendetsa ali pansi, popeza matayalawo amazunguza mota ndipo zimenezi zikhoza kuwononga zipangizo zodula.

Kayendetsedwe nako kamasintha nambala kuposa mmene ndinkaganizira. Kukana kwa mphepo kumakula mofulumira kuposa liwiro, mwakuti liwiro likawirikiza kawiri kukanako kumawirikiza kanayi, ndipo pa ulendo wautali kusiyana kwa makilomita 100 ndi 120 pa ola kumaonekera pothira mafuta. Kuponda buleki msanga ndi mofatsa kumabweza mphamvu yambiri kuposa kuponda mochedwa ndi mwamphamvu, chifukwa batire lili ndi malire a mphamvu imene lingalandire pa kamphindi, ndipo yotsalayo imapita ku mabuleki wamba. Matayala osapopedwa mokwanira ndi katundu womangidwa padenga zimabweza mmbuyo phindu lonselo. Maulendo afupiafupi kwambiri injini ili yozizira nawonso sapereka nambala yabwino, chifukwa injini imayamba yalira kuti itenthe.

M'bale wanga wina atabwera kudzafunsa nzeru, maulendo ake anali ofanana ndi anga, koma iye ali ndi mpanda wake, galimoto imagona pafupi ndi nyumba, ndipo pakhomo pawo pali galimoto ina ya maulendo aatali. Ndinamulangiza kuti agule yamagetsi, ndipo anagula. Chimene ndinaumirira n'chakuti asanasankhe galimoto aitane katswiri wa magetsi wovomerezeka adzaone mawaya a m'nyumba, waya wa ethi, ndi kukula kwa magetsi amene mita yake imalola, kenako aike nthambo yakeyake yochokera pa bokosi la magetsi kupita pamene galimoto izigona, yokhala ndi chotetezera chake chodula magetsi pakakhala vuto. Katswiriyo anapeza kuti soketi ya m'galaja inali pa waya umodzi ndi zipangizo zina zokoka magetsi ambiri, ndipo anaisiyanitsa galimoto isanafike.